Matope a Pansi pa Nyanja pa Dazi la Apongozi

Kuntchito kwa Nasefa kunali chipinda chimodzi chimene ngakhale abwana akulu ankayamba agogoda asanalowe. Chinali chozizira ngati mufiriji, chopanda zenera, ndipo m'mashelefu mwake munagona mapaipi ataliatali odzaza matope. Si matope wamba a kuseri kwa bafa ayi. Awa anachokera pansi penipeni pa nyanja yamchere, kumene sitima yapamadzi inakazika mapaipiwo n'kuwazula atadzaza, matope ali chisanjikizane monga momwe anagwera, atsopano pamwamba, akalekale pansi. Kumeneko zinthu sizifulumira. Kuti matope achindikale ngati chala chimodzi, pamatha kupita zaka chikwi.

Mwini chipindacho anali mayi wina wamasiye, wamfupi, wovala majuzi awiri chaka chonse, amene aliyense ankangowatchula kuti Mayi Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalendewera pachingwe m'khosi mwawo. Paipi iliyonse inkachekedwa pakati m'litali mwake. Theka lina linali la ofufuza kuti azitapamo, theka lina linali losunga, loti munthu asadzaligwire mpaka dziko lidzathe. Ukapita kukapempha matope, Mayi Makiyi ankakutapira masupuni awiri akukuyang'ana ngati wawapempha impso.

Nasefa naye dzina lake analitengera ku ntchito. Kulikonse ankayenda ndi kasefa kachitsulo ka maso aang'ono kwambiri, kotsukira matope. Ukatsuka matope a pansi pa nyanja pa sefa yotere, dothi limapita, pamatsala tizigoba toyera tochepa kuposa kanjere ka shuga. Ndi ta tizilombo timene tinkayandama m'nyanja kalekale, titafa n'kugwera pansi ngati fumbi. Mtundu wina tizigoba take timapindika ngati nkhono, ndipo kumene madzi anali ozizira kwambiri umapeza topindikira kumanzere, kumene anali ofunda umapeza topindikira kumanja. Ukawerenga tamanzere ndi tamanja, nyanja imakuuza yokha ngati nthawi imeneyo inkanjenjemera kapena inkaothera dzuwa. Zaka zake zimadziwika ukatola tizigoba tabwino n'kutitumiza kwa anthu a makina oyeza kaboni wina wake yemwe amanka nachepa m'chigoba chiyambire tsiku limene mwini wake anafa. Koma zonsezi zimatheka ngati matope a pamwamba sanakhudzane ndi a pansi. Akangosakanikirana, basi, asanduka matope oti ungomatira khoma.

Unyamata wake wonse pantchitoyo Nasefa anauthera posaka malo amodzi m'paipi imodzi, pamene nyengo yozizira inathera n'kuyamba yofunda. Atawapeza, anapeza kuti theka la ofufuza pamalopo linali mabowo okhaokha, anzake anatapa kale. Panatsala poti n'kutapa katatu basi. Anapempha, anachonderera, anagona kukhosi kwa Mayi Makiyi mpaka mayiwo anatopa. Anamutapira timatumba titatu ta pulasitiki: ka pansi, matope akuda a nthawi yozizira, ka pakati, obiriwirako, ndi ka pamwamba, otuwa a nthawi yofunda.

"Amenewa ndi omaliza," anatero Mayi Makiyi asanasiye timatumbato m'manja mwake. "Theka losunga lija musalilote n'komwe. Ndipo lamulo mukulidziwa. Matope satuluka pageti. Akatuluka, inunso mwatuluka m'chipinda changa, simudzapondamonso."

Sizinali zongoopseza. Panali pulofesa wina wandevu amene anatengapo kathumba kamodzi kukaonetsa ana asukulu. Mpaka lero amangosuzumira pachitseko anthu ena akamalowa.

Ndiye satana anachita zake. Sabata yomweyo paipi ya madzi inaphulika kuntchito, chipinda chotsukira chinauma gwa, ndipo mnzake amene ankayenera kunyamula tizigobato kupita nato kwa oyeza kaboni ankanyamuka Lolemba. Nasefa anaganiza, anaganizanso, kenako anachita chinthu chimene munthu wanzeru amachita akapanikizika, chomwe ndi chopusa. Anaika timatumba titatu tija m'kontena yake ya chakudya chamasana, masefa ndi kamaikulosikopu kake koonera tinthu ting'onoting'ono m'chikwama, n'kudutsa pageti akupatsa alonda moni wautali kuposa masiku onse. Kunyumba anakabisa kontenayo mufiriji, kuseri kwa mkaka.

Mwamuna wake anali kutali, kumene ankamanga mlatho, choncho m'nyumbamo ankakhala awiri ndi apongozi ake aamuna. Mdalayo anali wometa wopuma pantchito, ndipo makasitomala ake akale ankamutchula kuti a Lumo. Chimwalirireni mkazi wawo ankakhala kwa mwana wawo. Anali munthu wodzikonda mwaulemu: dazi lopukutidwa bwino, nsapato zowala, malaya osita ngakhale pongopita kukataya zinyalala. Nasefa ankawakonda apongozi akewo, kungoti masiku amenewo anali atayamba khalidwe lachilendo. Kontena yake ya chakudya inkasowa m'mawa uliwonse, iye n'kunyamuka wopanda kanthu, ndipo masana a Lumo ankatulukira kuntchito atainyamula, atavala tayi, akuti anaipeza pansi pa mpando. Kontena imapita yokha pansi pa mpando? Nasefa analibe nthawi yofufuza zimenezo.

Loweruka m'mawa anatuluka kukagula madzi a batire, chifukwa a pampopi wa kunyumba amakhala ndi zakezake zimene zingaipitse tizigoba.

"Mwapita kuntchito, apongozi?" anafunsa a Lumo ali pakhomo la chipinda chawo. "Tsiku lonse?"

"Eya, eya, Bambo," anayankha Nasefa, maganizo ali pa matope, osamva n'komwe chimene wavomera.

Atabwerako ndi mabotolo ake, anamva mluzu kubafa ndi madzi akutuluka pampopi. Patebulo la m'khitchini panali kontena ija, yotsegula, mulibe kanthu. Anaponya mabotolo pampando n'kuthamanga, ndipo popeza chitseko cha kubafa chinali chotsegula, anaona zonse nthawi imodzi. Pashelefu panali timatumba titatu tofinyidwa mpaka kuuma, pambali pake masupuni atatu. Pagalasi panaima a Lumo atavala vesiti ndi thalauza la suti, dazi lonse lili bii ndi matope akuda, masaya obiriwira, khosi lotuwa. Anali atatchera manja awiri pansi pa mpopi, akuwerama kuti asambe.

"Musasambe!"

Nasefa anakuwa mawu amene sanakuwepo chikwatiwire m'banja limenelo. A Lumo anadzidzimuka, madzi anatayikira musinki, iye n'kulumpha kukatseka mpopi.

"Apongozi, kwagwanji? Si munati muli kuntchito?"

"Bambo, musagwedezeke. Chonde, ndagwira mwendo wanu. Musagwire kumaso, musapukute, musachite chilichonse. Mwadzola chiyani?"

"Timatope tanu tija. Ndangobwerekako pang'ono."

"Mwamaliza tonse!"

"Tinalinso tochepa," anatero mdalayo modandaula. "Dazi lokhali latha kathumba kathunthu. Kuntchito kwanu kuli mapaipi mpaka kudenga, inu n'kubweretsa masupuni awiriawiri ngati mankhwala a chifuwa."

Nasefa anafuna kulira, anafuna kuseka, anafunanso kukhala pansi pomwepo n'kusiya ntchito. Pamutu pa apongozi ake panali zaka zikwi zambiri za nyengo ya dziko, ndipo pakanapita kamphindi kamodzi zonse zikanatsikira kudzenje la zonyansa. Anafunsa funso limene linali ndi moyo wake wonse.

"Munasakaniza?"

A Lumo anaongoka, anakhumudwa zenizeni. "Ine? Moyo wanga wonse sindinametepo anthu awiri ndi lezala limodzi. Kathumba kake, supuni yake, malo ake. Akuda pamutu, obiriwira m'masaya, otuwa pakhosi. Onani malire ake mmene awongokera."

Analidi owongoka, ngati wometa wadula tsitsi la mkwati. Pakati pa dazi ndi masaya panali chipumi chopanda kanthu, pakati pa masaya ndi khosi panali mzere wa khungu loyera bwino m'mbali mwa chibwano. Nasefa anapuma koyamba. Mbiri ya dziko inali chadodolido, zakale pamwamba, zatsopano pansi, koma inali isanasokonezeke.

Anawatsogolera pang'onopang'ono mpaka pabalaza ngati wanyamula beseni lodzaza, n'kuwakhazika pampando wa ndalema, mutu chagada. Anayala mapepala pansi, anabweretsa mabeseni atatu, masefa ndi mabotolo aja.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukhazika anthu chonchi," anatero a Lumo akuyang'ana kudenga. "Lero ndakhazikidwa ndine."

"Musalankhule kwambiri, Bambo, masaya akung'ambika. Koma n'chifukwa chiyani mwachita zimenezi?"

"Ndinaona ndi maso angawa. Anandionetsa pamakina kuntchito kwanu kuja. Tizigoba takalekale, agogo a agogo athu asanabadwe, koma tosalala, towala, topanda khwinya ndi limodzi lomwe. Ndinafunsa kuti chimatisunga chonchi n'chiyani, anati matope. Ndiye ine ndikhale ndi makwinya matope ali mufiriji?"

"Anakuonetsani ndani?"

"Anthu."

"Anthu ake ati?"

"Kuntchito kwanu kuli anthu ambiri, apongozi. Nthawi ili bwanji?"

Koma Nasefa anali ataona mdani wina. Kunja kunkatentha, mdalayo anali ndi mantha akeake, ndipo pamphepete pa dazi panatuluka kadontho ka thukuta, kakuda ndi matope, n'kuyamba ulendo wotsika pachipumi kulunjika kutsaya. Nyengo yozizira inali paulendo wokalowa m'nyengo ya pakati. Anakagwira ndi kapepala katatsala pang'ono kufika pansidze. Kenako anapinda kathawulo n'kukamanga pachipumi pa apongozi ake, anayatsa fani, n'kuwalamula kuti aganize zinthu zozizira.

"Nthawi ili bwanji?" anafunsanso a Lumo.

Apa m'pamene Nasefa anayang'ana bwino pabalazapo. Patebulo panali nsalu yoyera imene inkatuluka pa zikondwerero zokha. Panali makapu awiri a milomo yagolide, a malemu apongozi ake aakazi, amene iye sankaloledwa ngakhale kuwatsuka. Panali maluwa m'botolo, ndipo maluwawo anawazindikira, anali a pakhomo pa aneba. Pampando panapachikidwa jekete ndi tayi yofiira.

"Bambo, mukuyembekezera mlendo?"

"Munthu wongodutsa."

"Wongodutsa amamwera makapu agolide?"

Mdalayo anatseka maso. Pansi pa matope obiriwira sipankaoneka manyazi, koma makutu anawaulula. "Mwana wanga musamuuze kaye," anatero motsitsa mawu. "Mundisambitse msanga, ndivale, inu mukhale kuchipinda ndi timabeseni tanu. Inunso ndikudziwa kuti timatumbati simunatuluke nato mwachilungamo. Munthu sabisa katundu wa boma kuseri kwa mkaka. Ine chete, inu chete."

Nasefa anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma pachitseko panamveka kugogoda. Kunali kugogoda kwa munthu amene sazolowera kudikira.

"Musatsegule!" ananong'ona a Lumo.

"Ndikawauza kuti mwatuluka. Inu musasunthe."

Anapita kuchitseko sefa ili m'manja, bodza lili kale pamlomo. Atatsegula, bodzalo linauma. Pakhomo panaima Mayi Makiyi. Analibe juzi ndi imodzi yomwe. Anavala diresi lamaluwa, milomo yopaka, kachikwama m'khwapa, ndipo Nasefa akanatha kuwakana kuti si iwo pakanapanda makiyi aja, amene ankalendewerabe pachifuwa pamwamba pa maluwawo. Nkhani ya kontena yosowa m'mawa uliwonse inamveka yonse nthawi imodzi.

Anayang'anana. Aliyense anali ndi chake chobisa, ndipo kwa kanthawi sizinadziwike kuti wagwidwa ndani.

"Ndinamva kuti muli kuntchito," anatero Mayi Makiyi.

"Inenso ndimayesa muli kwanu, Mayi," anayankha Nasefa, akubisa sefa kumbuyo. "Bambo sali bwino. Adwala mwadzidzidzi. Matenda ake ndi opatsirana, akhungu. Adokotala akuti asaonane ndi munthu."

Mayi Makiyi sanamve n'komwe. Mphuno yawo inali itayamba kugwira ntchito. Matope a pansi pa nyanja ali ndi kafungo kawo, ka mchere ndi dzira lowola pang'ono, ndipo fani ija inkakatumiza bwinobwino mpaka pakhomo. Mayiwo ananunkhiza kamodzi, kawiri, nkhope ya mlendo inachoka, inabwera ya kuntchito.

"Ndikumva paipi yanga," anatero, n'kumudutsa Nasefa ngati katani.

Zimene anapeza pabalaza sizifuna kukometsera. Bambo wachikulire, wavesiti, kathawulo pachipumi, mutu wa mitundu itatu, maso ali tong'o, mabeseni atamuzungulira. Nasefa anaima kumbuyo manja ali lende. Ankaona kale moyo wake wonse wotsala akusuzumira pachitseko cha chipinda chozizira limodzi ndi pulofesa wandevu uja.

A Lumo, poti ulemu unali m'magazi, anayesa kudzuka kuti alonjere mlendo, ndipo choipa kwambiri, anamwetulira. Tsaya lamanja linang'ambika, kachibenthu ka matope obiriwira kanatutumuka n'kuyamba kupendekera kukhosi.

"Musaseke!" anakuwa azimayi awiriwo pamodzi.

Mayi Makiyi anatsomphola sosala ya kapu yagolide n'kukawakha kachibenthuko m'malere, katatsala pang'ono kugwera pa matope otuwa. Anakayang'anitsitsa, anayang'ana dazi, anayang'ana khosi.

"Awa ndi atatu omaliza aja."

"Eya, Mayi," anatero Nasefa ndi mawu a mwana wa sukulu.

"Ndipo awaika chadodolido. A pansi ali pamwamba."

"Sanasakanize, Mayi. Supuni iliyonse ndi kathumba kake."

"Ndaona. Malire ake ndi abwino kuposa a ofufuza ena amene ndimawadziwa." Anaika kachikwama pampando, anavula wotchi, anaponya makiyi kumsana kuti asalendewere. "Za inu tikambirana. Panopa gwirani beseni. Tiyamba ndi khosi, chifukwa madzi amatsika. Tikayamba ndi mutu tiononga zonse."

Nasefa anachita manyazi, chifukwa m'chipwirikiti chija iye anali atakonzeka kuyamba ndi dazi. Anagwira beseni pansi pa chibwano cha apongozi ake. Mayi Makiyi anaboola kachibowo pachitsekero cha botolo, n'kuyamba kuthira madzi pang'onopang'ono, akukokolola matope ndi kaburashi kofewa. Manja amene kuntchito ankamenya zala za anthu ofuna kugwira mapaipi anali odekha modabwitsa. Khosi litayera anasintha beseni, anasintha burashi, anasamba m'manja, n'kupita kumasaya. A Lumo anatseka maso, nkhope ya munthu amene akumva nyimbo yakale.

Atafika pa dazi anawaweramitsa chammbali kuti madzi asadutse kumaso. Apa Mayi Makiyi anafunsa, osasiya kupukuta.

"Bambo inu, munthu wamkulu, chakulowani n'chiyani?"

"Ndiloleni ndilankhule tsopano?"

"Masaya tachotsa. Lankhulani."

"Tsiku lija munandionetsa tizigoba pamakina, munkatiyang'ana mokoma kwambiri. Munati taonani kusalala kwake, zaka zonsezi koma ngati tadzulo. Ine nditafika kunyumba ndinadziyang'ana pagalasi, ndinapeza nkhope ngati malaya ogonera. Ndiye ndimafuna lero mundipeze wosalala ngati tizigoba tanu."

Botolo linaima m'malere. Nasefa anayang'ana m'beseni ngati muli nkhani yofunika kwambiri, chifukwa sankadziwa ngati mayiwo aphulike kapena atuluke.

"Ndani anakuuzani kuti ndikufuna wosalala?" anatero Mayi Makiyi pomaliza, mawu atatsika. "Ine ntchito yanga ndi yosunga zakale. Weramani bwino, kuseri kwa khutu kwatsala."

A Lumo anawerama, ndipo poti masaya anali omasuka, anamwetulira mpaka m'makutu popanda womuletsa.

Ntchito yotsala inali ya Nasefa. Anatsuka beseni lililonse pa sefa yakeyake mpaka dothi lonse litapita, anaumitsa totsalato pa mbale zitatu padzuwa la pawindo, n'kuika kamaikulosikopu patebulo la nsalu yoyera lija, pakati pa maluwa a aneba ndi makapu. Ngati thukuta lija kapena madzi anasamutsa tizigoba kuchoka kwina kupita kwina, zikanaoneka apa, ndipo ntchito yake ikanathera pompo, chipinda chozizira achiloledwe kapena ayi.

Anayamba ndi za pa dazi. Pansi pa galasi panaoneka tizigoba toyera mbee, tambirimbiri, pakati pake patagona katsitsi kamodzi kaimvi kooneka ngati mtengo wogwa. Anatembenuza kamodzikamodzi ndi nsonga ya kaburashi konyowa. Kumanzere. Kumanzere. Kumanzere, mbale yonse, tamanja tongowerengeka monga zimakhalira. Za pakhosi zinali kumanja, ndipo munali mitundu ina ya m'madzi ofunda imene pa dazi panalibe ngakhale kamodzi. Za m'masaya zinali zosakanikirana mwa chilengedwe chake, tamanzere tikuchepa, tamanja tikuchuluka, nyanja ili pakati posintha maganizo. Chinthu chimene anachisaka zaka zonse zija chinali pamaso pake, chitadutsa pa nkhope ya apongozi ake osaonongeka. Misozi inalengeza, anachita kuchotsa diso pagalasi kuti isadonthere m'mbale.

Mayi Makiyi anamukankha pang'ono n'kusuzumira okha mbale zonse zitatu, nthawi yaitali, osathamanga.

"Zili bwino," anatero. "Muzitsuke kawiri musanatumize, bambowa amadzola mafuta onunkhira. Ndipo polemba mudzalembe zoona, kuti zinadutsa pakhungu la munthu. Dzina la munthuyo musatchule."

"Ndiye mutu wanga wapezeka wotani?" anafunsa a Lumo, amene anali atavala kale malaya ndi tayi yofiira.

"Wozizira kwambiri," anayankha Mayi Makiyi. "Koma kukhosi kuno kukufunda."

Nasefa anadikira kuti kuseka kuthe. Tizigoba tinapulumuka, koma mlandu wake unali usanazengedwe, ndipo paipi ija inali ndi malo ena ambiri amene ankafuna kudzatapa. Popanda chipinda chozizira, Nasefa anali mayi wongoyenda ndi sefa. Anaimirira, manja kumbuyo.

"Mayi, za ine munati tikambirana."

"Lamulo ndi lamulo. Matope anatuluka pageti."

"Anatuluka, Mayi. Kuntchito kunalibe madzi, koma sindikudziikira kumbuyo. Ndinalakwa."

Mayi Makiyi anabweza makiyi kutsogolo n'kuyamba kuwasisita, monga ankachitira akafuna kukana pempho la munthu. Anayang'ana Nasefa, anayang'ana a Lumo amene ankathira tiyi m'makapu agolide mosamala ngati sakumva.

"Lamulolo ndinaliika kuti matope asakhale pamalo pamene ine sindikuyang'anira," anatero. "Ndiye pali njira ziwiri. Kapena inu musiye kulowa m'chipinda changa, kapena nyumba ino ikhale malo amene ndimayang'anira. Anasungidwa kuti?"

"Mufiriji, Mayi."

"Ndionetseni."

Analowa m'khitchini. Mayi Makiyi anatsegula firiji n'kuima chilili, ngati munthu amene wafika pamalo a ngozi. Anatulutsa poto wa ndiwo za dzana amene anakhala pamwamba pa za dzulo, ananunkhiza botolo lina lopanda chizindikiro, anapeza theka la anyezi m'kapu.

"Zakale pamwamba, zatsopano pansi, palibe cholembedwa tsiku. N'chifukwa chake anthu akudzola zinthu za boma. Muno mulibe mwini." Anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa tepi yomata ndi cholembera. Munthu wopita kukamwa tiyi kwa bwenzi atanyamula tepi ndi cholembera, Nasefa anali asanamuonepo. "Ndizibwera Loweruka lililonse. Mwinanso pakati pa sabata. Lolemba mubwere m'chipinda changa, pali paipi ina yofanana ndi ija imene sindinauzepo munthu."

Nasefa anatsala pang'ono kugwada. Paipi ina! Anathokoza, anathokozanso, mawu akuphonyana. Ali mkati mothokoza anamva kuti ngwee kumbuyo kwake. A Lumo anali atachotsa kiyi wapadera wa nyumbayo pamsomali wa kuseri kwa chitseko, n'kumupereka ndi manja awiri. Mayi Makiyi anamasula chingwe cha m'khosi, analowetsa kiyiyo pakati pa anzake, n'kumanganso mfundo yolimba.

"Pita ukamalize tizigoba tako, mwana wanga," anatero mayiwo kwa Nasefa. "Ife tili ndi ntchito muno."

Nasefa anabwerera pabalaza ali wosangalala ngati mwana, anakhala pa makina ake n'kuyamba kutola tizigoba toti atumize, kamodzikamodzi, akuimba chamumtima. Patapita nthawi kaburashi kanauma, ndipo anakumbukira kuti botolo lina la madzi analisiya m'khitchini. Anadzuka, anapeza chitseko chili chotseka. Mkatimo munkamveka kung'ambika kwa tepi, kulira kwa makiyi, ndi apongozi ake akuseka kuseka kumene sanasekepo chimwalirireni mkazi wawo.

Anagwira chogwirira, anachisiya. Anaima pang'ono pakhomo la khitchini yake yomwe, m'nyumba yake yomwe, kenako anakweza dzanja n'kugogoda.